Galimoto za ku America zimalankhula, za ku France zili duu: nkhani ya masitika akumbuyo

Kuchiyambi kwa chaka cha 2025, nyuzipepala zakunja zinadzaza ndi zithunzi za galimoto za Tesla zomatidwa timapepala kumbuyo. Mawu ake ankasiyana pang'ono, koma uthenga unali umodzi: "Ndinaigula Elon asanazungulire mutu." Eni galimotozo sankafuna kuti owaona pamsewu aziwaphatikiza ndi ndale za Elon Musk, mkulu wa kampaniyo, yemwe panthawiyo ankagwira ntchito limodzi ndi Donald Trump. Ku America palibe anadabwa nazo, poti kumeneko kuyankha nkhani ndi sitika ndi chizolowezi. Timapepalato tinafikanso ku Ulaya, koma ku France kunachitika china chapadera. M'mwezi wa June chaka chomwecho, anthu pafupifupi khumi oyendetsa Tesla anakasuma kukhoti la zamalonda ku Paris kuti mgwirizano wawo wobwereka galimotozo uthetsedwe, ponena kuti zasanduka chizindikiro cha ndale zomwe iwo sagwirizana nazo.

Vuto linali limodzi, mayankho awiri. Wa ku America anaonjezera mawu pagalimoto yake. Mfalansa anadandaula kuti galimoto yake yayamba kumulankhulira iye asanaitume.

Aliyense amene wayendapo m'misewu ya maiko awiriwa amaona kusiyanaku msanga. Ku America ukhoza kudziwa chipani, tchalitchi, sukulu ya ana, timu ya mpira, ngakhale mtundu wa galu wa munthu amene sunamuonepo nkhope, pongoima kumbuyo kwake pamaloboti. Ku France galimoto zambiri kumbuyo kwake n'kosalala. Ena amathamangira kunena kuti anthu a ku America ndi odzionetsera, ena nkumati Afalansa ndi amanyazi kapena odzikweza. Zonse ziwirizi n'zachidule mopitirira. Afalansa ndi amodzi mwa anthu okonda kutsutsana ndi kuchita zionetsero kuposa ambiri padziko lapansi. Funso lenileni ndi lakuti: munthu amalankhulira pati, kwa yani, ndipo m'dzina la yani?

Sitika ya pabampala ndi komwe inachokera

Tikunena kapepala kapena kapulasitiki kotalikirapo, kokhala ndi guluu kuseri, komatidwa pabampala kapena pagalasi lakumbuyo kuti amene akukutsatira awerenge. Mabampala atafala pagalimoto za anthu wamba, makamaka kuyambira pa Ford Model A ya 1927, anthu anayamba kumangirirapo zikwangwani za katoni kapena zamalata ndi waya. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, wosindikiza wina wa ku Kansas City, Forest Gill, anaphatikiza zinthu ziwiri zomwe zinali zatsopano nthawiyo: pepala lodzimata lokha ndi utoto wowala kwambiri. Apo ndi pomwe sitika yomwe tikuidziwa lero inabadwira.

Oyamba kuigula sanali andale ayi. Anali eni malo okopa alendo, monga Rock City paphiri la Lookout Mountain ndi mapanga a Meramec Caverns ku Missouri. Alendo akalowa kukaona malowo, antchito ankazungulira pamalo oimikapo galimoto n'kumaika zizindikiro pabampala iliyonse, ndipo galimotozo zinkanyamula dzina la malowo kupita nalo m'madera akutali. Ndale zinalowererapo pachisankho cha 1952, pomwe mawu akuti "I Like Ike", osonyeza kukonda Dwight Eisenhower, anaoneka pagalimoto zambirimbiri. Chiyambireni pamenepo, palibe chisankho cha pulezidenti ku America chomwe chadutsa popanda masitika ake.

Kenaka munthu aliyense anapeza chake chomata. Akhristu anamata kansomba, chizindikiro chakalekale cha mpingo. Otsutsa anayankha ndi kansomba kamiyendo kolembedwa m'kati dzina la Darwin, wasayansi amene anaphunzitsa kuti zamoyo zinachita kusintha pang'onopang'ono. Makolo anayamba kulengeza kuti mwana wawo akukhoza bwino kusukulu. Nkhondo ya ku Iraq itayamba mu 2003, maliboni achikasu ochemerera asilikali anali ponseponse. Sitika yotchuka yolembedwa "Coexist", yopempha zipembedzo kuti zikhalirane mwamtendere, inachokera kwa wojambula wa ku Poland, Piotr Młodożeniec, yemwe anaipanga mu 2000 pampikisano wa nyumba ina yoonetsera zaluso ku Jerusalem, koma komwe inakafalikira pagalimoto ndi ku America. Onani kuti chinthuchi chinayamba ngati malonda, ndipo mpaka lero chili ndi kalankhulidwe ka malonda: mawu ochepa, osavuta kukumbukira, osapereka mpata woyankha.

Ufulu wolankhula: malamulo awiri obadwa nthawi imodzi

Ku America ufulu wolankhula umatsamira pa First Amendment, ndime yomwe inaonjezedwa m'malamulo oyendetsera dziko mu 1791. Ndimeyi imaletsa boma kupanga lamulo lochepetsa ufulu wolankhula, ndipo makhoti akhala akuimasulira motakata kwambiri. Mawu onyoza, opweteka mtima, ngakhale a chidani, kawirikawiri amatetezedwa, pokhapokha akhale oopseza munthu mwachindunji kapena otuma anthu kuphwanya lamulo nthawi yomweyo.

Galimoto inafika mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dzikolo. Boma la New Hampshire limalemba pa nambala za galimoto za anthu wamba mawu akuti "Live Free or Die", kutanthauza kuti kuli bwino kufa kusiyana n'kukhala wopanda ufulu. George Maynard, wa Mboni za Yehova, anaphimba mawuwo pagalimoto yake chifukwa ankatsutsana ndi chikhulupiriro chake, ndipo anagona m'ndende masiku 15. Mu 1977 khotilo linagamula kuti boma silingakakamize munthu kusandutsa galimoto yake chikwangwani choyenda cha maganizo a boma. Chigamulochi chimaonetsa momwe anthu a ku America amaionera galimoto: ndi pakamwa pa mwini wake.

Ku France maziko ake ndi chikalata cha ufulu wa munthu ndi nzika cha 1789. Ndime 11 imati kugawana maganizo momasuka ndi umodzi mwa maufulu a mtengo wapatali, koma m'chiganizo chomwecho imaonjeza kuti munthu adzayankha mlandu akaugwiritsa ntchito molakwika monga lamulo lanenera. Ufulu ndi malire ake zinabadwira limodzi. Lamulo la 29 July 1881 ndi lomwe limayendetsa zofalitsa ndi zomata pamakoma, ndipo pamakoma ena akale mudzaona deti limeneli litalembedwa pansi pa mawu oletsa kumata. Mu 1972 anaonjezera lamulo lolanga kulimbikitsa chidani cha mitundu, ndipo mu 1990 lamulo la Gayssot linapanga kukana kuti chipani cha Nazi chinapha Ayuda mwaunyinji kukhala mlandu. Mpaka 2013 kunalinso mlandu wonyoza pulezidenti. Bambo wina anapezeka wolakwa chifukwa chonyamula chikwangwani chonyoza pulezidenti wa nthawiyo, Nicolas Sarkozy, mumzinda wa Laval mu 2008; khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu litagamula mokomera bamboyo, mlanduwo unachotsedwa m'malamulo.

Tisafulumire kunena kuti ndiye wa ku America ndi wotetezeka pa chilichonse. First Amendment imamanga manja a boma, osati a bwana wa kuntchito. Mu 2004 mayi wina ku Alabama anachotsedwa ntchito chifukwa cha sitika ya pagalimoto yake yochemerera John Kerry, yemwe ankapikisana nawo pa upulezidenti, ndipo nkhaniyo itamveka Kerry anamulemba ntchito mu kampeni yake. Ku France malamulo a ntchito amaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha maganizo ake a ndale. Choncho wa ku America ndi wotetezeka kwambiri kwa boma, Mfalansa ndi wotetezeka kwambiri kwa bwana. Chofunika kukumbukira n'chakuti palibe lamulo la ku France loletsa kumata dzina la chipani kapena vesi ya m'Baibulo pabampala. Ndi ololedwa. Sachita okha, ndipo chifukwa chake chiyenera kufunidwa kwina.

Voti: ya pagulu kapena ya mumtima?

M'maboma ambiri a ku America, munthu polembetsa kuvota amatchulanso chipani chake, ndipo m'madera ambiri kaundulayo ndi wotheka kumuona. Ukapereka ndalama zoposa madola 200 kwa wopikisana pachisankho cha dziko lonse, dzina lako, ntchito yako ndi komwe umagwira zimalembedwa poyera. Nyengo ya kampeni anthu amazika zikwangwani pakapinga kutsogolo kwa nyumba zawo. M'chikhalidwe chotere, kumata dzina la wopikisana pagalimoto si kuulula chinsinsi chilichonse. Zipani zikuluzikulu ndi ziwiri zokha, ndiye sitika imagwira ntchito ngati yunifolomu ya timu: uli uku kapena uko.

Mfalansa amaleredwa mosiyana. Kuyambira 1913 wovota amadutsa m'kachipinda kotchinga ndi nsalu. Patebulo pamakhala timapepala ta opikisana onse, ndipo amayembekezeka kutola tingapo kuti oona asadziwe komwe mtima wake uli, kenaka kuseri kwa nsalu amaika kamodzi mu envelopu. Kufunsa munthu amene simunazolowerane kuti wavotera ndani ndi mwano, chimodzimodzi kumufunsa malipiro ake. Mu 1970 anaika m'malamulo awo chiganizo chachifupi chonena kuti aliyense ali ndi ufulu woti moyo wake wamseri ulemekezedwe, ndipo ali ndi mwambi wakale womwe umati wofuna kukhala mosangalala akhale mobisika.

Kampeni nayonso ili ndi malire. Kwa miyezi 6 chisankho chisanachitike, zithunzi za opikisana siziloledwa kumatidwa paliponse koma pamalo osankhidwa. Nyengo yovomerezeka ya kampeni ikatsegulidwa, makhonsolo amaimika mabolodi achitsulo pafupi ndi malo ovotera, aliyense wopikisana bolodi lake, onse ofanana kukula. Kugula nthawi pa wailesi yakanema kuti utsatse chipani n'koletsedwa. Boma limatumiza kunyumba ya wovota aliyense timapepala ta mfundo za opikisana onse mu envelopu imodzi. Cholinga chake n'chakuti wolemera asaphimbe mawu a wosauka, koma zotsatira zina n'zakuti makina aakulu ogulitsa zipewa, malaya ndi masitika a chipani, omwe ku America amabweretsa ndalama ndi maina a ochemerera, ku France sanakule chimodzimodzi. Komanso opikisana amakhala ambiri. Pagawo loyamba la chisankho cha pulezidenti mu 2022 analipo 12. Munthu akhoza kuvotera wina pagawo loyamba n'kuvotera wina pagawo lachiwiri, nthawi zina pongofuna kutchinga amene akumuopa. Voti yotere ndi yovuta kuimata ndi guluu wokhalitsa zaka.

Laïcité, kapena malo a chipembedzo pagulu

Mawu a Chifalansawa amanena dongosolo lolekanitsa boma ndi zipembedzo. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 9 December 1905, patatha zaka zoposa 100 za kukokanakokana pakati pa boma ndi mpingo wa Katolika pa nkhani ya sukulu, chuma ndi ulamuliro. Lamulolo limatsimikizira ufulu wa chikumbumtima ndi wopembedza, n'kunenanso kuti boma silizindikira, sililipira, ndipo silithandiza ndi ndalama chipembedzo chilichonse. Wogwira ntchito m'boma saonetsa chipembedzo chake ali pantchito. Mu 2004 ana a sukulu za boma analetsedwa kuvala zizindikiro zoonekera kwambiri za chipembedzo, ndipo mu 2010 kuphimba nkhope pagulu kunaletsedwa.

America nayo inalekanitsa boma ndi mpingo, koma pa chifukwa china. Ambiri mwa amene anayambitsa midzi yoyamba ya Azungu kumeneko ankathawa mipingo ya boma ku Ulaya, ndiye mpanda unamangidwa kuti uteteze mipingo kwa boma. Ku France unamangidwa makamaka kuti uteteze boma ndi nzika ku mphamvu za mpingo umodzi waukulu. Popanda mpingo wa boma, mipingo ya ku America inayenera kudzifunira yokha anthu, ndipo kuchitira umboni poyera kunakhala mbali ya chikhulupiriro. Mawu akuti "In God We Trust", onena za kudalira Mulungu, anakhala mbalume ya dziko mu 1956, ali pandalama zawo, ndipo maboma ena amawalemba pa nambala za galimoto.

Laïcité simukhudza galimoto ya munthu wamba. Koma yaumba chizolowezi choti chipembedzo ndi cha kunyumba ndi kunyumba yopemphereramo. Oikira kumbuyo dongosololi amati limathandiza kuti anthu akumane pagulu ngati nzika zofanana, osati ngati magulu. Otsutsa, kuphatikizapo Asilamu ambiri a ku France, amati malamulo atsopanowa amalemera mbali imodzi ndipo akufuna kuti anthu ena abise chomwe ali. Mkanganowu ndi wamoyo ndithu, ndipo mbali zonse zili ndi anthu oganiza mozama.

Zomwe Afalansa amamata

Kunena kuti galimoto za ku France zilibe masitika n'kulakwitsa. Zili nawo, koma ambiri ndi olamulidwa ndi boma. Woyendetsa watsopano amamata chilembo chofiira cha A kumbuyo kwa zaka zitatu, kapena ziwiri ngati anaphunzira moperekezedwa ndi wamkulu. Pagalasi lakutsogolo pamakhala kachizindikiro kosonyeza kuti galimoto inayezedwa, ndi kozungulira ka Crit'Air, komwe kanayamba mu 2016 ndipo kamagawa galimoto m'magulu 6 malinga ndi utsi womwe zimatulutsa. Kapepala kobiriwira ka inshuwalansi kanasiya kufunika pa 1 April 2024.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe Mfalansa amalengeza pagalimoto mosanyinyirika: kwawo. Apa ndi pomwe nkhaniyi imandikoka mtima kwambiri, chifukwa ikuonetsa kuti anthuwa si obisa chilichonse, amangosankha choti aonetse.

Dziko la France linagawidwa m'zigawo zotchedwa départements mu 1790, ndipo chigawo chilichonse chili ndi nambala yake. Paris ndi 75, dera la Marseille ndi 13, Finistère kunsonga ya Bretagne ndi 29. Kuyambira 1950 nambala ya galimoto inkathera ndi manambala amenewa, moti ana paulendo wautali ankasewera masewera olosera komwe galimoto iliyonse ikuchokera, ndipo woyendetsa wa 75 akafika kumidzi ankadziwiratu kuti amuseka kuti ndi wa mutauni wodzimva. Boma litakonza zosintha dongosolo mu 2009 n'kuchotsa nambala ya chigawo, anthu anakwiya zedi. Kunabadwa gulu lotchedwa "Jamais sans mon département", lomwe aphungu a zipani zosiyanasiyana analowamo, lokana kuyenda popanda nambala ya kwawo. Boma linagonja. Nambala inatsala kudzanja lamanja pamodzi ndi chizindikiro cha dera, ndipo mwini galimoto anapatsidwa ufulu wosankha chigawo chomwe akufuna, kaya amakhalako kaya ayi.

Ufulu wochepawo anthu anaugwiritsa ntchito mokwanira. Wobadwira ku Bretagne koma wogwira ntchito ku Paris amaika 29 kapena 56. Manambala a chilumba cha Corsica, 2A ndi 2B, anatchuka ngakhale kwa anthu osachokerako, ena chifukwa chokonda chilumbacho, ena pokhulupirira kuti oyendetsa anzawo saputa munthu wa ku Corsica. Ambiri anayamba kumata kasitika pamwamba pa kangodya kameneka, ena n'kuikapo chizindikiro cha timu ya mpira, mpaka mu December 2020 khoti lalikulu la apilo linatsimikiza kuti kumata chilichonse pa nambala ya galimoto n'kosaloledwa. Chindapusa chake ndi mayuro 135. Yerekezani ndi ku America, komwe ukhoza kulipira kuti nambala yako ikhale dzina lako kapena mawu omwe wasankha. Ku France nambala imaperekedwa motsatana, ndipo galimoto imakhala nayo mpaka kutha kwake.

Pathupi la galimoto, zizindikiro za madera ndi zomwe zimalamulira. A ku Bretagne amamata kachithunzi ka mayi wovala chisoti chachitali cha nsalu yoluka, chovala cha makolo cha dera la Bigouden, kapena mbendera yawo yakuda ndi yoyera. A chigawo cha Chikatalani, kufupi ndi Perpignan, amamata bulu. A ku Corsica ali ndi mutu wa munthu womanga kansalu pamphumi, a ku Vendée mitima iwiri yolukana, Abasiki mtanda wa nthambi zinayi zopindika. Zambiri mwa izi zilibe mawu ngakhale amodzi. Wodziwa amazindikira, wosadziwa amangodutsa. M'dziko lomwe kwa zaka zambiri Paris inkafuna kuti onse alankhule chinenero chimodzi, mpaka ana kumalangidwa kusukulu akalankhula chinenero cha kwawo, kachithunzi kotere kali ndi kulemera kwake. Komabe sikauza munthu wakumbuyo kuti asinthe maganizo. Kamangoti: kwathu ndi uku.

Masitika a ndale analipo ndithu nthawi zina. Kadzuwa komwetulira kokana magetsi a nyukiliya, komwe kanayambira ku Denmark mu 1975, kanamatidwa pagalimoto zambiri zazing'ono za ku France m'zaka zotsatira. Koma kadzanja kachikasu ka bungwe la SOS Racisme, kotchuka mu 1985 ndi uthenga woti usamukhudze mnzanga, anthu ankakonda kukabaya pachifuwa.

Komwe Mfalansa amalankhulira

Malo oyamba ndi patebulo. Ku America ana amalangizidwa kuti pachakudya asayambitse za ndale kapena chipembedzo. Ku France kutsutsana pakati pa abale ndi abwenzi ndi mbali ya chakudyacho. Mu 1898, nthawi yomwe dziko linagawanika pakati pa mlandu wa Dreyfus, msilikali wachiyuda yemwe anamunamizira kugulitsa zinsinsi za dziko, wojambula Caran d'Ache anatulutsa zithunzi ziwiri mu nyuzipepala ya Le Figaro. Choyamba, banja lakhala mwaulemu ndipo mkulu akuchenjeza kuti nkhani ija isatchulidwe. Chachiwiri, mbale zili mbwee, anthu agwirana pakhosi, pansi palembedwa kuti aikamba. Afalansa amachikumbukirabe chithunzichi chifukwa amadzionamo. Kwa iwo maganizo ndi chinthu chokambirana ndi munthu amene angakuyankhe.

Malo achiwiri ndi msewu, koma wapansi ndiponso pagulu. Pa 11 January 2015, patangopita masiku anayi chichitikireni chiwembu cha ku nyuzipepala ya Charlie Hebdo, anthu oposa 3 miliyoni anayenda m'mizinda ya dzikolo. Mu 2023, boma litakonza zokweza zaka zopumira pantchito kuchoka pa 62 kufika pa 64, panali masiku angapo omwe ochita zionetsero anaposa 1 miliyoni. Pazionetsero zotere masitika amakhala mbwee, ofiira a bungwe la apantchito la CGT ndi ena, koma amamatidwa pajekete, pamapolo a magetsi ndi pamalo odikirira basi. Madzulo jekete ija imavulidwa.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha gilets jaunes, anthu a zovala zachikasu. Kuyambira 2008 lamulo limati galimoto iliyonse ikhale ndi chovala chowala chachikasu chovala pangozi. Boma litakweza msonkho wa mafuta, anthu a kumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, omwe sangapite kuntchito popanda galimoto, anatenga chovala chomwecho kukhala mbendera yawo. Pa 17 November 2018 anthu oposa 280,000 anatseka misewu ndi maraundabauti. Ndipo ogwirizana nawo ankayala chovalacho padashibodi, kuseri kwa galasi lakutsogolo, kuti aliyense aone. Apa galimoto ya Mfalansa inalankhula za ndale mokweza. Koma taonani kalankhulidwe kake: chizindikiro chimodzi kwa onse, chopanda dzina la mtsogoleri, chosamatidwa ndi guluu, chotheka kuchipinda n'kuchibweza m'kabati mkangano ukatha.

Tingafanizire ndi chitenje cha chipani. Pali mayi amene amachivala tsiku la msonkhano, n'kuvina pamodzi ndi anzake mazanamazana, akafika kunyumba n'kuchichapa, kuchisunga m'sutikesi. Pali wina amene amachivala popita kumsika, kuchigayo ndi kuchitsime, tsiku lililonse, ali yekha. Onsewa amakonda chipani chawo, ndipo sitinganene kuti woyambayo ndi wamantha kapena kuti wachiwiriyo ndi wodzitama. Woyamba akulankhula ngati "ife", pa nthawi yake. Wachiwiri akulankhula ngati "ine", nthawi zonse.

Mbendera ya dziko imatsata njira yomweyi. Ku America imapachikidwa pakhonde chaka chonse ndipo ana amalonjeza kukhulupirika kwa iyo kusukulu. Ku France imakhala panyumba za boma ndi kubwalo la mpira, moti zigawenga zitapha anthu ku Paris mu November 2015, pulezidenti François Hollande anachita kupempha anthu kuti aipachike pamawindo tsiku lokumbukira omwalira.

Zifukwa zina zapafupi

Si zonse zomwe zimafuna mbiri yakale. M'mizinda ya ku France galimoto zambiri zimagona mumsewu, mothinana, ndipo usiku wolowera chaka chatsopano galimoto mazana angapo zimatenthedwa chaka ndi chaka. Munthu amaganiza kawiri asanapatse wodutsa chifukwa chokandira penti yake. Gawo lalikulu la galimoto zatsopano kumeneko limagulidwa ndi makampani kapena kutengedwa pa mgwirizano wobwereka, ndipo sumata zako pa chinthu chomwe udzabweze. Palinso nkhani ya kaonekedwe: Afalansa ambiri amaona galimoto yodzaza masitika ngati yosalongosoka.

Chifukwa chimodzi chomwe chimatchulidwa kawirikawiri n'chofooka, chakuti Afalansa sadalira galimoto. Izi n'zoona ku Paris, koma m'dziko lonse anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse amapita kuntchito pagalimoto, zomwe sizikusiyana kwambiri ndi ku America. Kusiyana kuli poti matauni a ku France akadali ndi mabwalo, misika ndi malo omwera khofi komwe anthu amakumana wapansi, pomwe m'madera ambiri a ku America msewu waukulu ndi malo okhawo omwe munthu amaonana ndi anthu osawadziwa. Ngati anthu ena amangokuona kumbuyo kwa galimoto, uthenga wako umauika komweko.

Mafunso omwe akadalipo

Loyamba: kodi sitika ndi mawu a munthu payekha kapena ndi chiphaso cholowera m'gulu? Alexis de Tocqueville, Mfalansa amene anayendera America mu 1831, anachita chidwi ndi momwe anthu akumeneko amakondera kupanga mabungwe, koma ananenanso kuti maganizo a ambiri amapondereza kwambiri kuganiza kwa munthu payekha. Masitika amasindikizidwa zikwizikwi ofanana. Ena amati zimenezi zikutsimikiza mawu ake. Ena amati kusankha gulu lako poyera, pamaso pa anthu otsutsana nawe, ndi kulimba mtima kwa munthu payekha.

Lachiwiri: kodi amasintha maganizo a wina aliyense, kapena amangokulitsa udani? Kafukufuku wa ku Colorado State University wa mu 2008 anapeza kuti oyendetsa okhala ndi masitika ndi zokongoletsa zambiri ndi omwe amapsa mtima msanga pamsewu, posatengera kuti uthenga wake ndi wamtendere kapena waukali. Ofufuzawo anati anthuwa amaona msewu ngati bwalo lawo. Koma kafukufukuyu sakusonyeza kuti sitikayo ndi yomwe imayambitsa ukali, ndipo kafukufuku mmodzi sathetsa nkhani.

Lachitatu likukhudza France. Kodi bampala yopanda kanthu ndi ulemu kwa anzako pamsewu, kapena ndi mantha? Kwa munthu wa chipembedzo kapena mtundu wa anthu ochepa, kusaonetsa chomwe uli kungakhale kusankha, kungakhalenso kudziteteza, ndipo poyang'ana galimoto sungasiyanitse. Funso lomwelo layamba kufunsidwa ku America, komwe anthu ena akuti asiya kumata za ndale poopa kuphwanyiridwa magalasi, pomwe ena achoka pa sitika n'kufika poimika mbendera zikuluzikulu kumbuyo kwa mapikiapu.

Lomaliza ndi lomwe nkhani ya Tesla yadzutsa. Ngati mtundu wa galimoto pawokha wayamba kuwerengedwa ngati voti, yamagetsi mbali iyi, pikiapu yaikulu mbali inayo, kodi munthu angakhalebe ndi galimoto yosalankhula? Ndipo poti Afalansa achinyamata akulemba maganizo awo, chipembedzo chawo ndi timbendera tawo pamasamba a mchezo monga anzawo a ku America, kodi chizolowezi chosunga ndale patebulo ndi pazionetsero chidzapirira mibadwo ingati?